A Madontho ndi Botolo la Akazi Awo

Munali m'chaka cha 1974, nyengo yotentha mvula isanagwe, pamene mnyamata wina wamtali wa makutu otambalala anafika pa sukulu ya madokotala kudzafuna ntchito yosesa. Anapeza tsache lili kale ndi mwini wake. Koma kumapeto kwa khonde lalitali, m'chipinda chapansi chonunkha sopo ndi udzu wouma, kunali pulofesa wa zamankhwala amene ankafuna munthu wosamalira mbira. Anamufunsa ngati amaopa tinyama taubweya, iye anati ayi. Anamufunsa ngati dzanja lake limanjenjemera, iye anangolitambasula. Lolemba pa 4 Novembala anavala khoti loyera la munthu wina, lomwe manja ake ankalekezera m'zigongono, ndipo m'chipinda chimenecho ndi mmene anakalambira.

Dzina loti a Madontho anawapatsa ndi ophunzira, chifukwa mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti, "Dontho limodzi lokha, ana inu. Si msuzi uwu." Dzinalo linamera mizu moti ngakhale pulofesa ankawaitana choncho.

Ntchito yawo yeniyeni inali ya katumbo. Ankatenga kachidutswa ka matumbo a mbira, kotalika ngati chala chaching'ono, n'kukapachika m'kabotolo kagalasi kodzaza madzi ofunda amchere momwe munkatuluka tithovu ta mpweya. Kumapeto kwa katumboko ankamangako ulusi, ulusiwo n'kuumangirira ku kandodo kopepuka, ndipo nsonga ya kandodoko inkakanda pepala lodetsedwa ndi mwaye lokulungidwa pa chigubu chozungulira pang'onopang'ono. Akatsegula kamagetsi kochepa, katumbo kankadzikoka, kandodo n'kulemba mzere woyera. Kudzikoka, mzere. Kudzikoka, mzere. Pofika masana pepala lonse linkaoneka ngati chipeso. Kupha mbira ndi gawo lokhalo la ntchito lomwe sanalikondepo. Ankayamba aipepesa kaye mbirayo motsitsa mawu, chitseko chili chotseka.

Ophunzira akazungulira tebulo, a Madontho ankadontheza mofini m'madzi aja. Mano a chipeso ankafupika, kufupika, mpaka katumbo n'kukhala phee ngati mwana woyamwa mokhuta.

Pulofesa ankafotokoza zimenezi ndi mawu olemera ngati njerwa. Akatuluka kukasuta, ophunzira ankatembenukira kwa a Madontho, iwo n'kunena m'njira yawo.

"Pa mitsempha pali timakutu ting'onoting'ono. Mofini akafika amakhala pa khutu n'kunong'oneza kuti, khala chete. Mtsempha umamvera. M'katumbomu umasiya kukoka. Mwa munthu umasiya kupereka uthenga wa ululu. Koma timakutu timeneti tili ponseponse, ngakhale pamalo amene amakumbutsa munthu kupuma. Ndiye ukanong'oneza mopyola, munthu amaiwala kupuma."

"Nanga timakutu timeneti tinabwera bwanji, poti munthu sabadwa ndi mofini?" ankafunsa wina chaka chilichonse.

"Thupi lili ndi onong'oneza akeake. Mofini ndi mlendo wodziwa kutengera mawu a eni nyumba."

Phunziro lachiwiri linkachitika masana, ndipo ndi limene linawalowa m'mafupa. Katumbo kakakhala nthawi yaitali m'madzi a mofini, mano a chipeso ankayambanso kumera. Dontho lomwe m'mawa linkakagoneka, masana silinkamvekanso. Ankawonjezera, n'kuwonjezeranso, katumbo kali kalikiliki kudumpha ngati palibe chachitika.

"Kagontha," ankatero a Madontho. "Munthu ukamamuuza mawu amodzimodzi tsiku lonse amatseka makutu. Ena amawatseka, ena amawabisa mkati. Ndipo mtsempha umayamba kulankhula mokweza kuti upose wonong'onezayo."

Pomaliza ankadontheza mankhwala ena otchedwa nalokisoni. Ameneyu amakankha mofini pa khutu n'kukhalapo yekha, koma iye sanong'oneza kanthu. Katumbo kozolowera kaja kankadzidzimuka n'kudzikoka mwamphamvu, kandodo mpaka kudumpha pepala. Ophunzira ankaseka, ena n'kuwomba m'manja.

Ulusi ndi umene unawapezera banja. Wa m'kabati ya pulofesa unkatamuka ukanyowa, mizere n'kumapindika. Tsiku lina la mu 1981 a Madontho analowa m'kashopu ka telala kuseri kwa siteshoni ya mabasi, mmene munali mtsikana wamfupi wokhala ndi mapini pakamwa.

"Ndikufuna ulusi wosatamuka ukanyowa."

Mtsikanayo analavulira mapini m'dzanja. "Mukusoka chiyani, ngalawa?"

"Ndimamangira matumbo."

"A ndani?"

"A mbira."

Anawayang'ana kuyambira kumakutu mpaka kunsapato. "Chabwino. Mbirayo ikachira mudzandiuze. Nanga khoti limeneli mwalanda mwana wa ndani? Vulani ndilitalikitse manja, mukuchititsa manyazi boma."

Anakwatirana Loweruka pa 14 Ogasiti 1982. Kuyambira pamenepo ulusi wa m'chipinda chapansi unkachokera m'dilowa ya akazi awo, amene aliyense ankangowatcha Atelala, ndipo makhoti a a Madontho ankafika m'manja bwinobwino. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi, wobadwa wowonda moti mayi ake anangomutcha Kasingano. Dzinalo silinamuchoke ngakhale atanenepa n'kukhala mphunzitsi wa masamu kutali ndi kwawo.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Makina osokera opalasa ndi mapazi ankakhala pawindo. A Madontho akamachokera kuntchito ankayamba kumva phokoso lake ali pa ngodya ya msewu, ndipo ankadziwa mmene zinthu zilili m'nyumba. Makina akamathamanga ngati sitima, ndiye kuti pali amene wawakwiyitsa Atelala, ndipo ankalowa mwakachetechete.

Pa ophunzira onse amene anadutsa m'manja mwawo, mmodzi yekha ndiye ayenera kutchulidwa pano. Anafika mu 1991, mtsikana wa magalasi aakulu, ndipo atangoona katumbo kakudzikoka pa ulusi anagwa chagada n'kukokera pansi thireyi ya mabotolo. A Madontho anamupepesera mphepo ndi katoni. Anzake anamutcha Chizungulire. Tsiku lotsatira anabwera yekha m'mawa kwambiri, nati akufuna kuyang'ana katumboko mpaka mutu wake utazolowera. A Madontho anamupatsa mpando. Patapita zaka mtsikanayo anadzakhala dokotala wa anthu odwala matenda opweteka a nthawi yaitali, pachipatala choyandikana ndi sukuluyo. Akakumana pakhonde iye ankawapatsa moni wa manja awiri, iwo n'kumufunsa ngati amweko madzi asanaone magazi.

Makina a pawindo anayamba kuchedwa chakumapeto kwa 2005. Chaka chotsatira Atelala anachitidwa opaleshoni ya bere, ndipo pa 9 Okutobala 2006 anauzidwa kuti khansa yafika m'mafupa a msana. Dokotala Chizungulire sanawabisire. Anati kuchiza sikutheka, koma kuchedwetsa n'kotheka, ndipo ululu wokha ndiye asaulole n'komwe. Anawalembera mofini wamadzi wa m'botolo, womwa ndi sirinji yopanda singano pa nthawi zoikika.

"Kunyumba muli ndi katswiri," anatero dokotala akumwetulira. "Palibe dzanja loyeza bwino kuposa ili."

Sabata yoyamba inali ya chisangalalo. Atelala anagona tulo, anadzuka, anakalipira woyandikana nawo chifukwa cha nkhuku, mpaka anasoka siketi ya mwana wasukulu. A Madontho ankaseka nawo, koma mtima uli m'chipinda chapansi. M'maso mwawo munkabwera pepala lamwaye la masana, mano a chipeso akumeranso. Anali ataziona chaka ndi chaka, ndipo sizinalepherepo. Ngati timakutu ta mayiyu tigontha panopa, ankadzifunsa, nanga tsiku lalikulu likadzafika, ululu weniweni utabwera ndi abale ake, tidzanong'oneza ndi chiyani?

Munthu wina akanaopa n'kufunsa. Koma a Madontho ankadziwa kusungunula mankhwala kuposa wina aliyense pasukulupo, ndipo chimene dzanja limadziwa, mutu suchedwa kuvomereza. Lamlungu lina la mu Novembala masana, Atelala atagona, anatsanulira gawo la mofini m'botolo lofiirira lomwe anabwera nalo kuchokera kuntchito, n'kudzaza botolo la kuchipatala ndi madzi owiritsa. Botolo lofiiriralo analibisa pamwamba pa wodiropu, kuseri kwa sutikesi ya ukwati. Sanabe ngakhale dontho. Ankasungira akazi awo omwe.

Ululu unabwerera ngati mwini nyumba. Atelala anasiya makina, kenako anasiya mpando, n'kumangokhala pabedi atatsamira mapilo.

"Bambo ake, mankhwala aja asanduka madzi," anatero tsiku lina.

A Madontho anati, "Ndi thupi limenelo, mayi ake. Limazolowera."

"Lazolowera msanga bwanji. Inuyo zaka zonsezi sindinakuzolowereni."

Atapita kuchipatala, dokotala anamva kuti ululu wakula, nawonjezera muyezo. A Madontho anawonjezera madzi. Mwezi wotsatira dokotala anawonjezeranso. Kenako anasintha n'kulemba botolo la mofini wamphamvu kwambiri, ndipo a Madontho anakhala pansi ndi pensulo kuseri kwa nyumba, n'kuwerengera madzi ofunika kuti wamphamvuyo abwerere pomwe anali woyamba. Pamwamba pa wodiropu mabotolo ofiirira anachuluka. Pa pepala la botolo panalembedwa muyezo wa munthu amene timakutu take tazolowera kwambiri. M'thupi mwa Atelala munali timakutu tatcheru ngati ta mphaka.

Sikuti ankagona bwino nazo. Akamva akazi awo akubuula polephera kutembenuka, ankatuluka kukakolopa khonde lomwe linali lokolopa kale. Koma ankadziuza kuti kulimba mtima kwa lero ndi chifundo cha mawa. Makina a pawindo anawaphimba ndi nsalu. Akamachokera kuntchito ankafika pa ngodya ya msewu n'kumva zii.

Kasingano anabwera kudzaona mayi ake pa 12 Malichi 2007, ndipo monga achitira ana obwera kudzacheza, anapeza nyumba yonse ikufunika kukonzedwa. Lachitatu pa 14, bambo ake atapita kuntchito, anayamba kupukuta patebulo la pafupi ndi bedi. Chigongono chinagunda botolo. Linagwa pa simenti n'kusweka.

"Ndiwe mwana wa bambo ako makutu okha, manja ayi," anatero Atelala.

Kasingano sanafune kuwasokoneza bambo ake pa tsiku la phunziro. Anatola zidutswa za botolo, pepala lake likadali pomwepo, n'kuthamangira kuchipatala. Kumalo operekera mankhwala anafotokoza, anaonetsa zidutswazo, anasainitsa, n'kubwera ndi botolo latsopano lomata. Anawerenga pepala mosamala ngati mphunzitsi wa masamu, nayeza ndendende mmene panalembedwera. Nthawi ya muyezo wachiwiri itakwana, anawadzutsa amayi ake, omwe anali akuwodzera kale, n'kuwamwetsanso.

A Madontho anabwera nthawi ya chakudya cha masana monga mwa chizolowezi. Kasingano anawalandira pakhomo chala chili pamlomo.

"Ababa, yendani pang'onopang'ono. Amayi agona tulo tomwe sanagonepo chibwerere ine. Ngakhale kubuula ayi."

"Wawapatsa mankhwala?"

"Ndawapatsa. Kungoti botolo lija ndinaswa, ndiye ndakatenga lina."

A Madontho anayang'ana patebulo n'kuona botolo lodzaza, chomatira chake chili pambali. Analowa kuchipinda osavula nsapato. Atelala anali chigonere chagada, pakamwa pali pululu, milomo itada. Chifuwa chinakwera, n'kutsika, kenako n'kudikira, kudikirabe, ngati chaiwala ntchito yake. Anawatsegula chikope. Mwana wa diso anali atachepa ngati nsonga ya pini.

"Mayi ake. Mayi ake, dzukani, makasitomala abwera."

Atelala sanadzuke.

"Thamanga kwa amakanika, uwauze abwere ndi galimoto iliyonse imene ikuyenda," anauza mwana wawo. "Tenga botololo."

Amakanika a kutsidya kwa msewu anabwera ndi galimoto ya kasitomala yopanda chitseko chimodzi. Njira yonse a Madontho anakhala kumbuyo atawagoneka akazi awo chammbali, akuwatsina khutu ndi kuwalamula kuti apume. "Pumani. Pumaninso. Ndati pumani, mayi inu." Amakanika anadzanena pambuyo pake kuti aka kanali koyamba kumva bamboyo akulamula m'banja lake.

Dokotala Chizungulire anawapeza m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi, anamwino atayika kale mpweya pamphuno. Anayang'ana maso, anayang'ana botolo, nakwinya nkhope.

"Sizikumveka. Muyezo uwu akhala akumwa kwa milungu ingapo. Mwina ndi impso, mwina matenda afika kumutu. Mlongo, tikonze zoyeza magazi."

A Madontho anaona kuti dokotala watsala pang'ono kuyamba kufunafuna kumene kulibe kanthu, nthawi ikupita.

"Adokotala, muyezo umenewo sanaumwepo. Lero ndi koyamba."

"Mukuti chiyani, a Madontho?"

"Ndakhala ndikuthira madzi. Kuyambira Novembala. Mukawonjezera inu, ine ndimawonjezera madzi."

Dokotala anavula magalasi, anawavalanso, koma sanataye nthawi ndi mawu. Anaitanitsa nalokisoni, nayamba kulowetsa mumtsempha pang'onopang'ono, kachigawo kakang'ono, kudikira, kachigawo kena. Sankafuna kukankha mofini yense nthawi imodzi kuti ululu wonse ubwerere ngati chigumula. A Madontho anali atadontheza mankhwala amenewo kambirimbiri m'galasi ana akuwomba m'manja. Tsiku limenelo anaima kumapazi a bedi atagwira chitsulo, akuyang'ana chifuwa cha akazi awo monga ankayang'anira kandodo.

Chifuwa chinakwera. Chinakweranso msanga. Milomo inayamba kubwerera mtundu wake. Kenako Atelala anatsegula maso, anayang'ana denga, anayang'ana anthu onse owazungulira, nati ndi mawu osasa:

"Ndani wandibweretsa pagulu ndi diresi logonera?"

Namwino anaseka mpaka kutuluka panja. Kasingano analira. A Madontho anakhala pansi pa simenti pomwepo, mutu uli ziii, ndipo dokotala anatola chikuto cha fayilo n'kuyamba kuwapepesera mphepo.

"Ngongole ya 1991 ndabweza," anatero. "Tsopano dzukani, tikambirane."

Atelala anawagoneka m'chipatala, chifukwa nalokisoni amatha msanga m'thupi kusiyana ndi mofini, ndipo wonong'oneza uja akhoza kubwerera pa khutu mlonda atachoka. Madzulo dzuwa lisanalowe, Atelala atatsitsimuka, dokotala anakoka mpando.

"Chinthu chimodzi chinkandidabwitsa," anatero. "Munthu womwa mofini wochuluka chonchi amadzimbidwa. Ulendo uliwonse ndinkafunsa za kuchimbudzi, amayi n'kumati zonse zili bwino. Ndinkangoti ndi mwayi wawo. Ndikanamvera matumbo, monga munandiphunzitsira, a Madontho."

"Bwanji mukukamba za matumbo anga ngati ine ndatuluka?" anafunsa Atelala. "Chachitika n'chiyani?"

Dokotala anayang'ana a Madontho. Iwo anafotokoza okha, maso ali pa nsapato. Ananena za katumbo ka masana, za timakutu togontha, za tsiku lalikulu, za mabotolo a pamwamba pa wodiropu.

"Ndiye kuyambira Novembala," anatero Atelala pang'onopang'ono, "ine ndikuluma pilo, ndikuganiza kuti ndikufa msanga, ndikudzitenga ngati munthu wamantha wolephera kupirira, inu mukundimwetsa madzi owiritsa."

"Ndimasungira inu nomwe, mayi ake."

"Munandifunsa? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo ake. Inu munakhoma chitseko kiyi n'kuika m'thumba, m'mimba muli mwanga."



"Zimene munaona m'galasi ndi zoona," anatero dokotala mofatsa. "Timakutu timazolowera. Koma katumbo kaja kamamizidwa m'mankhwala tsiku lonse, ndipo kalibe msana wopweteka. Mwa munthu wa ululu weniweni, womwa pa muyezo wake, kuzolowera kumayenda pang'onopang'ono, ndipo anthu ambiri amakhala nthawi yaitali pa muyezo umodzi. Kukabwera timakwera nako sitepe ndi sitepe. Kukavuta timasintha mankhwala, tili ndi njira zina. Tsiku lalikulu silidzatipeza manja ali m'thumba. Choopsa ndi kudumpha masitepe. Inu munawasunga amayi pansi, pepala lili padenga, ndiye lero adumpha nyumba yonse."

"Katumboko kalinso ndi mwayi," anatero Atelala. "Kalibe mwamuna."

Mabotolo ofiirira anabwezedwa kuchipatala tsiku lotsatira, Kasingano atawanyamula m'thumba la ulusi. Panali zolemba ndi zofotokoza, ndipo a Madontho anakaima pamaso pa mkulu wa zamankhwala ngati mwana wogwidwa akudumpha mpanda. Anayeza zonse, anapeza kuti palibe chinasowa, anawadzudzula, n'kuwasiya. Dokotala anayambanso ndi muyezo wochepa, wa mofini weniweni, n'kukwera nawo pang'ono mpaka ululu utagonja. Unagonjera pansi kwambiri kuposa pomwe pepala lija linali litafika.

Atelala anatuluka pa 19 Malichi ndi malamulo atsopano a m'nyumba. Botolo ndi sirinji zinapita m'dilowa ya makina, kiyi m'khosi mwawo. A Madontho analetsedwa kuyandikira ngakhale madzi akumwa a pafupi ndi bedi. Chilango chenicheni chinabwera m'mawa wotsatira. Anapatsidwa tiyi woti munthu akhoza kuona pansi pa kapu.

"Mayi ake, masamba atha?"

"Alipo ambiri. Ndikukusungirani a tsiku lalikulu."

Tiyi ameneyo anamumwa mpaka kumapeto kwa Julayi, osadandaula. Alendo akabwera ankalandira wakuda bwino, iwo n'kulandira wawo, ndipo Atelala ankafotokozera aliyense kuti amuna awo amaopa kuzolowera.

Nsalu ya pa makina inachotsedwa mu Epulo. Msana sunkalolanso kupalasa nthawi yaitali, ndiye anakoka makinawo kuwachotsa kukhoma, a Madontho n'kumakhala mbali inayo pa kampando, akupalasa ndi mapazi awo aatali, Atelala akuwongolera nsalu.

"Fulumirani. Ayi, osati choncho, mukuthamangitsidwa ndi ndani? Imani. Ndati imani, mwandisokera chala."

"Mwati fulumirani."

"Ndinati fulumirani kale, pano ndikuti imani. Makutu onsewa ntchito yake n'chiyani?"

Oyandikana nawo anamvanso phokoso la makina, lodukizaduka tsopano, losakanikirana ndi mikangano, ndipo ankati m'nyumba muja zinthu zabwerera m'malo. Kudzimbidwa nako kunabwera monga dokotala ananenera, ndi mankhwala ake, ndipo Atelala ankapereka lipoti m'mawa uliwonse mwaulemu wonse. "Akatswiri a matumbo, lero kulibe nkhani." Masiku oipa analipo, sitingabise. Muyezo unakwera kangapo m'zaka zotsatira, ndipo ulendo uliwonse a Madontho ankayang'ana sirinji mtima uli m'mwamba, n'kudziluma lilime. Ulendo uliwonse mankhwala ankamvekabe. Atelala anakhala ndi moyo mpaka pa 2 Meyi 2011, ndipo tsiku lalikulu lija litafika, anapita ali m'tulo, osabuula.

Koma izo n'zam'tsogolo. Ku sukulu zinthu zinali zikusintha. Anabweretsa makompyuta oonetsa katumbo kojambula, kodzikoka pa galasi popanda mbira kufa, ndipo a Madontho sanadandaule, chifukwa anali atatopa ndi kupepesa. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti phunziro lawo lomaliza lichitike ndi chigubu ndi mwaye. Anawalola.

Atelala anawasokera khoti latsopano la tsikulo, eni ake akupalasa. Anabweranso okha kudzaonerera, koyamba m'zaka zonse zomwe anakhala akupereka ulusi. Anawakhazika kumbuyo pa mpando wa mapilo, dokotala Chizungulire ali pambali pawo. Katumbo kanadzikoka, mofini anakagoneka, masana kanagontha, nalokisoni anakadzidzimutsa, ana anawomba m'manja.

"Kumeneko ndiye kwanu kuja mumakhala tsiku lonse?" anafunsa Atelala mokweza. "Kanthu kakang'ono chonchi ndi kamene kanandimwetsa madzi?"

Ophunzira anatembenuka modabwa. A Madontho anapukuta manja pa khoti.

"Ana inu, amene alankhulawo ndi gawo lachitatu la phunziro," anatero. "Zimene mwaona m'galasimu n'zoona, muzilembe. Koma mukadzakhala ndi wodwala, musadzayeze ululu wake ndi katumbo. Muzidzamufunsa. Ndipo musanapereke muyezo wolembedwa pa pepala, mudziwe zimene wakhala akumwa zenizeni, chifukwa timakutu sitiwerenga pepala."

"Muwauzenso za tiyi," anatero Atelala.

"Za tiyi adzawauza adokotala."

Ana atatuluka, anamasula pepala lamwaye pa chigubu, analiviika m'mankhwala oumitsira kuti mizere isafufutike, n'kulipachika pa chingwe. Anatsuka kabotolo kagalasi, anazimitsa kamagetsi. Ulusi wotsala Atelala anautenga n'kuuika m'chikwama, nati ndi wawo ndipo sukulu sinawathokozepo. Kenako a Madontho anawapatsa mkono, ndipo anayenda limodzi khonde lalitali lija pang'onopang'ono, akukangana ngati akwere basi kapena adikire amakanika. Linali Lachiwiri, pa 30 Juni 2009.